Vanishi pa Chikalata cha Atate

Atate anga anali munthu wa vanishi. Chilichonse chimene ankachikonda ankachipaka: mipando, mpini wa khasu, bokosi la wailesi, chipewa cha mlaza, mpaka chikuto cha buku la nyimbo za kutchalitchi. Amayi ankati tikanati tiziima malo amodzi nthawi yaitali, nafenso akanatipaka. Koma nthabwala imeneyo ankainena atate akachokapo. Pamaso pawo sitinkaseka chisawawa, chifukwa dzanja lawo linkafika msanga kuposa mawu awo.

Kwawo kunali ku Malawi, cha ku Ntcheu. Anabwera ku Kabwe ali mnyamata, tauniyi ikadali ndi dzina la chizungu, ndipo mphamvu zawo zonse anazisiya kumgodi. Sankatsika pansi ayi, ankagwira m'shedi ya magetsi, kukulunga waya wa kopa m'mamota. Mota ikakulungidwa ankaiviika m'vanishi wofiirira nkuiumitsa pamoto, ndipo ikauma chinyezi sichinkalowamonso. Chikhulupiriro chawo anachitenga kumeneko, chakuti chinthu chopakidwa sichiola. Atapuma ntchito tinatuluka m'nyumba ya kampani nkukakhala ku komboni ya Makandanyama, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, iwo nkumakonza mamota a zigayo pakhonde. Unga unkatha pakhomo pathu, sopo ankatha, koma chitini cha vanishi, ayi.

Amayi anali a ku Petauke, ine wobadwira mu Kabwe momwemo, ndiye awirife tinali ndi mareji athu obiriwira, ziphaso za eni dziko. Mlendo m'nyumba anali atate okha. Chimene chinkawalola kukhala m'Zambia chinali pepala limodzi basi, chikalata cha boma chokhala ndi dzina lawo pamwamba, nambala yaitali pakati ndi chidindo m'munsi. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo nkhani ya alendo inkabuka ngati chimfine. Mafuta ophikira akasowa m'mashopu, akuti alendo akuzembetsa. Waya akabedwa kumgodi, alendo. Apolisi ndi anyamata a chipani ankatha kutchinga msika kapena komboni yonse, aliyense akhale pansi, aonetse pepala lake. Wopanda pepala ankakwera lole, ndipo ena amene anakwera sitinawaonenso.

Ine ndinali mtsikana wa zaka makumi awiri, ndipo ndinkagwira ntchito pa kakampani kena kosindikiza timabuku, makadi a ukwati ndi makalendala, chakufupi ndi njanji. Ntchito yanga inali kupinda. Makina akalavula mapepala, ine ndinkakhala pa tebulo lalitali, kugwira ngodya ziwiri, kuziphatikiza, nkutsetsereka ndi chikhadabo pamzere, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amene anandiphunzitsa anali kapitao wathu, mdala wina Mlenje amene chala chake chimodzi chinadyedwa ndi mpeni wodulira mapepala. Ukalakwitsa sankataya mawu, ankangokugogoda ndi rula pamfundo za zala.

Tsiku loyamba anang'amba pepala wamba nkundionetsa mong'ambikamo. “Waona ubweya uwu? Pepala ni ubweya wa mtengo wogonerana. Ukalipinda, ubweya umasuntha, wina kupatsa mnzake malo. Ndiye chifukwa kalata umaipinda kakhumi osathyoka.” Kenako anatenga pepala la kalendala, lija losalala lonyezimira, limene amalipaka dongo loyera pamwamba kuti zithunzi zioneke bwino. Limenelo linali lolimba, loima lokha, koma atalipinda mwachisawawa msana wake unachita ming'alu yoyera, inki nkumagwa ngati nkhanambo. Lija la phula lokulungira buledi madzi ankangodutsapo, koma linali lolobodoka, loterera, ndipo guluu ankalikana. Makadi opaka vanishi ndiwo anali ovutitsitsa. Usanapinde unkayenera kuyamba wadinda kamzere ndi fupa losalala, motsata kumene ubweya wagonera, apo ayi mulu wonse waonongeka ndipo zala zako zilawa rula. “Chimene wapaka pa pepala,” ankatero mdalayo, “chimalipatsa china nkulilanda china. Osamafunsa chabe chimene lapatsidwa.” Ine zimenezi ndinazimva ndi mutu, ndinazimvanso ndi zala.

Chaka china mvula ya mu Januwale inatidothera. Malata athu anali akale, ndipo madzi anapeza njira pamwamba penipeni pa sutikesi ya atate. Mmene ankaitsegula, jekete lawo labwino linali litachita nkhungu, ndipo chikalata chija, chimene chinkakhala m'thumba mwake chopindidwa panayi, chinali chitanyowa ngodya imodzi, yalobodoka, yachita banga. Zilembo zinali bwinobwino, koma atate anakhala pabedi atachigwira ndi manja awiri, akuchitembenuzatembenuza. Ndinali ndisanawaonepo akuopa chinthu.

Lamulungu lotsatira, pochokera kutchalitchi, ndinawapeza pakhonde. Chikalata anali atachisita ndi simbi kuti mizere yopindira igone, nkuchiyala pathabwa. Burashi inali m'manja. Vanishi anali atamusakaniza ndi sipiriti kuti akhale wamadzimadzi, alowerere mpaka m'kati.

“Atate, musatero!” ndinakuwa ndisanavule ndi nsapato zomwe. “Liuma gwa limenelo. Lidzathyoka.”

“Buku la nyimbo linathyoka liti?”

“Chikuto ndi katoni, palibe amachipinda. Ili ndi pepala lopyapyala. Vanishi akalowa m'kati amanga ubweya wonse pamodzi, sudzasunthanso.”

“Ubweya!” Anatembenukira kukhomo kumene amayi anaima. “Mwamva, amake mwana? Pepala lili ndi ubweya ngati mbuzi. Wagwira ntchito miyezi ingati iwe? Ine mamota ndinawapaka usanabadwe, mpaka lero akuzungulira pansi pa nthaka, m'madzi.” Burashi inapitirira, uku ndi uku. M'mawa mwake anapaka kuseri, ndipo patapita masiku awiri anabwerezanso mbali zonse.

Zikanathera pomwepo ndikanakhala mwana wofatsa, koma ine ukali ndinatengera kwa iwo omwewo. Patapita masabata awiri anaitana amayi ndi ine, pamodzi ndi aneba awiri amene ankangodzidutsira, kuti tione zodabwitsa. Chikalata chinali chitauma, chofiirira ngati tiyi, chonyezimira. Anachigwira pangodya, chinaima chilili osawerama. Anathirapo madzi a m'kapu, madzi anangogubuduka nkugwa pansi. Aneba anaomba m'manja. Kenako anatulutsa tsamba la m'kope limene anapaka tsiku lomwe lija poyesera, nkundipatsa. “Koka, iwe wa ubweya. Koka ndi mphamvu zako zonse.”

Ndinakoka. Kunena zoona silinang'ambike, linali lolimba kuposa tsamba wamba, pamenepo sankanama. Aneba anaseka, atate anaseka, ndipo kusekako ndiko kunandipsetsa mtima. Ndinaligwira pakati nkulipinda pamaso pawo. Linangoti thwa, ngati bisiketi. Ndinapindanso, thwa. Zidutswa zinayi ndinaziika pabondo pawo.

“Ndi zimenezo mukaonetse apolisi,” ndinatero.

Mbama yoyamba sindinaione. Ndinangozindikira ndili pansi pafupi ndi mgolo wa madzi, khutu likulira. Aneba anabalalika. Atate anatola lamba wa chigayo amene anali pakhonde, uja wokhuthala, nkuyamba kundikwapula naye pamsana, m'miyendo, paliponse pamene wagwera. “Undichititse manyazi pamaso pa anthu? Iwe? Ndinayamba ndine kuona dzuwa!” Ine m'malo mothawa ndinakwawira pa chitini cha vanishi nkuchiponya pakhoma ndi mphamvu zonse. Chivundikiro chinauluka, vanishi yense chuu kutsika ndi khoma. Abale, pamenepo ndiye ndinaputa mavu. Anandigwira tsitsi nkundikokera pabwalo, nkundigunditsa mutu pa mgolo kawiri. Amayi analowa pakati akulira, chigongono cha atate chinawapeza pakamwa, mlomo unang'ambika, magazi nkuyenderera pa bulauzi. Magazi a amayiwo ndiwo anawaimitsa. Anataya lamba nkutuluka, osabwerera mpaka dzuwa litalowa.

Kuntchito ndinanama kuti ndagwa pa njinga. Khutu linalira sabata yathunthu. Ndinawada atate miyezi imeneyo, sindibisa, ndipo ndinkawaopa kuposa mmene ndinkawadera. Akangokweza dzanja kuti akande m'mutu, ine khosi linkalowa m'mapewa. Ndinalumbira kuti za pepala limenelo sindidzatsegulanso pakamwa, zivute zitani.

Koma anamva. Sanavomere, munthu uja kuvomera sankakudziwa, koma tsiku lina ndinawaona akucheka timatabwa tiwiri topyapyala. Anaika chikalata pakati, nkumanga ndi waya wa kopa, nkuchigoneka pansi pa zovala m'sutikesi. Kale chinkayenda nawo m'thumba akamapita kutali. Tsopano sichinkalowa m'thumba lililonse, ndipo munthu sangayende ndi matabwa m'khwapa tsiku ndi tsiku. Choncho pepala losamalidwa kuposa onse mu Makandanyama linkakhala kunyumba, mwini wake nkumayenda chimanjamanja.

Chakudza sichiimba ng'oma. Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo, fumbi la kumgodi lili m'mano. Sabata yonseyo tinali tikupinda timapepala ta msonkhano wa chipani, milu ndi milu, moti ngakhale kutulo manja anga ankapinda bulangeti. Ndinaweruka masana, ndipo ndinali ndisanamwe ndi madzi omwe pamene mayi wina woyandikana nafe analowa pabwalo akuthamanga, dengu lake la matimati lilibe kanthu, nsapato imodzi itatsala m'njira. Anati ku Kamushanga atchinga msika. Atate anali atapita kumeneko m'mawa kukapereka mota kuchigayo, ndipo mayiyo anawaona ndi maso ake akuwakankhira kubwalo la mpira pamodzi ndi amuna ena. Malole anali atafika kale.

Amayi miyendo inali itayamba kutupa chaka chimenecho, sakanatha kuthamanga. “Tenga pepala, mwanawe, thamanga!” Ndinakhuthulira sutikesi pansi. Waya uja atate anamupota ndi pulayazi, ndipo pomasula anandicheka chala. Ndinatsegula matabwa kuti ndione ngati ndi chomwecho, pakuti kalata yawo ya kumgodi nayo anali ataimangira matabwa ake. Chinali chomwecho. Ndiye tamverani chimene chinachitika. Mutu wanga unali kale ku Kamushanga, kumalole. Manja anatsala okha. Anagwira ngodya ziwiri, kuziphatikiza bwinobwino, chikhadabo nkutsetsereka pamzere monga anachitira sabata yonse, kuti pepala lilowe m'bulauzi mmene ife akazi timasunga zinthu zofunika.

Thwa.

Amayi anali panja, sanamve. Ndinangoti kakasi pakati pa chipinda, pepala lili m'manja, lopindidwa pawiri, looneka lamphumphu. Ine, ine amene ndinalawa lamba chifukwa cha nkhani yomweyi! Sindinalitsegule. Ndinadzinamiza kuti mwina wathetheka ndi vanishi yekha, ubweya wa m'kati ukugwirabe. Ndinalilowetsa pachifuwa nkuyamba liwiro, ndipo njira yonse ndinkamva tinyenyeswa tikundibaya pakhungu, tikumatirira ndi thukuta.

Kubwalo la mpira ndinapeza amuna atakhala m'mizere pafumbi, manja pamutu, padzuwa limenelo. Anyamata a chipani ankayenda pakati pawo ndi zikoti ndi mapaipi a labala, ndipo wotsitsa dzanja kuti apukute thukuta ankalandira pamsana. Ena ankawadumphitsa ngati achule kuzungulira golo. Bambo wina wonenepa atagwa anamuponda ndi jombo m'nthiti mpaka anasanza. Akazi ankalira kunja kwa chingwe, akukweza mapepala a amuna awo m'mwamba. Polowera mnyamata wina, wamng'ono kwa ine, ananditchinga ndi ndodo. “Uyenda kuti iwe? Reji!” Ndinamuonetsa. Anandimenyabe kumbuyo kwa miyendo ndikudutsa, chabe chifukwa ndodo inali m'manja mwake.

Atate ndinawaona mumzere wachitatu. Malaya ong'ambika paphewa, pamwamba pa diso potupa, magazi atauma m'ndevu. Munthu wa imvi, woti kumgodi azungu ankamuitana mota ikavuta, atakhala pafumbi manja pamutu, kamwana ka dzulo kakumugogoda chipewa ndi ndodo. Nkhope imeneyo ine ndinkaidziwa. Inali ija ya tsiku la lamba, ukali wongodikira poti ugwere.

Pansi pa mtengo panali tebulo, ndipo pamenepo panakhala wapolisi wachikulire, wa mimba, wotopa, akuona mapepala limodzilimodzi. Uyu sanali wankhanza ayi. Ndikudikira ndinamuona akumasula anthu awiri, wina chikalata chake chodyedwa ndi mphemvu. Nthawi yanga itakwana ndinagwada, ndinati atate anga ali apo, pepala lawo ndabwera nalo. Anatuma kuti awabweretse. Atate anaima pambali panga akupuma ngati ng'ombe, ndipo ine ndinatulutsa chikalata chili chopinda chomwecho nkuchipereka ndi manja awiri.

Wapolisi anachitsegula. Sanakoke, sanachite mwankhanza, anangotsegula monga munthu amatsegulira kalata. Theka linatsala m'dzanja lamanja, theka m'dzanja lamanzere, ndipo tizidutswa tofiirira tinagwera pa buku lake ngati mamba a nsomba. Chinathyokera pa mzere wakale uja, pakati penipeni pa nambala.

“Aa aa,” anatero wapolisiyo, “manje ichi ni chani?” Anaika zidutswa ziwirizo patebulo nkuyamba kuzisendeza ndi zala kuti zikumane, ataweramira kuti awerenge. Ndimakhulupirira mpaka lero kuti akanawamasula. Dzina linkaoneka, chidindo chinkaoneka.

Atate sanayang'ane patebulo. Anayang'ana ine, nkufunsa chapansipansi, “Unamupatsa lili lamphumphu?”

Ndinali ndi nthawi yokwanira kupuma kamodzi. Ndikanati, ndine, atate, ndalipinda ndine kunyumba. Akanandimenya pomwepo pamaso pa anthu, apolisi akanaseka, akanatiuza kuti kamenyaneni kwanu uko. Ndikanatupa sabata imodzi basi. Koma ndinaona dzanja lawo litafumbata kale, ndipo mutu wanga unakumbuka mgolo. Ndinachita mantha, mantha a mwana wamng'ono wonyowetsa mphasa.

“Inde, atate.”

Chibakera chinamupeza wapolisi pamphuno akadali chiweramire. Anagwa chagada ndi mpando womwe, tebulo linagubuduka, mabuku ndi mapepala a anthu mbwee pafumbi. Atate anamulumphira pachifuwa, manja pakhosi, akukuwa, “Wandiphera pepala! Zaka zonsezi! Wandiphera pepala, galu iwe!” Kenako bwalo lonse linawagwera. Mtengo wa mfuti unawapeza kuseri kwa khutu, ndipo ndinamva kulira kwake ngati munthu akuswa dzungu. Majombo, zikoti, mapaipi. Ndinadziponya pamwamba pawo ndikukuwa kuti ndine, ndine, ndine, koma m'phokoso limenelo ndani akanafunsa kuti ndiwe wachita chiyani? Wina anandinyamula m'chiuno nkunditaya kumbali, wina anandiponda dzanja. Mmene ndinkadzuka anali akuwakoka miyendo kupita kulole, mutu ukugunda pansi, mkono wamanja utapindikira kumene mkono supindikira. Mano awo awiri ndinatola ine pafumbi. Chikalata chinali chitapondedwa, ndinapeza theka limodzi lokha ndi nyenyeswa.

Kunyumba amayi ananditsuka dzanja lopondedwalo ndi madzi a mchere, akulira, akunditama. “Mwana wanga walimba mtima ngati mwamuna. Boma lingang'ambe pepala la boma lomwelo, Mulungu wanga!” Nkhani inali itandidutsa kale m'njira, komboni yonse inkadziwa kuti wapolisi wang'amba chikalata cha mdala wa mamota. Ine ndinalanda dzanja langa nkutulukira kuseri kwa nyumba.

Lolemba ndinapita nazo zidutswazo kwa kapitao. Anaziyala patebulo, anayesa guluu, guluu anakana kugwira pa vanishi. Anayesa kumata kansalu kuseri, zinangothethekabe pansi pa chala chake. “Likanakhala pepala chabe, nikanalumikiza,” anatero. “Ili lasanduka galasi. Anapinda ndani?”

“Wapolisi.”

Anayang'ana manja anga nthawi yaitali. Kenako zidutswazo anangozibwezera m'envulopu nkundiuza kuti ndiyambe ntchito.

Mlandu sunakhalenso wa pepala, unali womenya wapolisi. Atate anakhala m'ndende miyezi ingapo, ndipo mkono unapola mokhota. Ndinkawapititsira nshima ndi kapenta Lamulungu lililonse, tikuonana kudzera pa waya, alonda ali pomwepo. Nthawi zonse funso lawo linali limodzi, loti kodi wapolisi uja akuyendabe m'tauni ndi mphuno yake. Ine ndinkati sindinamuone. Amayi anayenda m'maofesi ndi miyendo yawo yotupayo, mpaka ku Lusaka, kupempha kuti afufuze m'mabuku a boma, koma nambala tinali nayo theka, ndipo ndani akanadzivutitsa chifukwa cha mlendo womenya boma? Atatha kugwira ukaidi sanawalole ngakhale kufika kunyumba. Anawatengera ku Chipata nkuwaolotsa malire ndi malaya omwe anali nawo m'thupi. Amayi ankati awatsatira akangopeza bwino, koma miyendo ija inawagoneka, ndipo awiriwo sanaonanenso. Amayi sindinawauze. Tsiku lililonse ndinkati ndiwauza mawa, mpaka anamwalira.

Panapita zaka zitatu ndisanapeze njira yopitira ku Ntcheu. Ndinanyamuka nditamanga mtima kuti ulendo uno ndikanena, ndipo m'basi monse ndinkayeseza mawu ake. Ndinawapeza m'kanyumba ka udzu kuseri kwa nyumba ya mdzukulu wa mlongo wawo, pakati pa anthu amene sankawadziwa ndipo ankawatcha a ku Zambia. Munthu wa thupi uja anali atatha, mkono uli lende, m'kamwa muli mpata. Mudzi wopanda magetsi, wopanda mota ndi imodzi yomwe yoti akonze, ngakhale mkonowo ukanalola. Atandiona analira mokweza, anthu akuona, kenako nkumandifunsa za Kabwe msewu ndi msewu, kuti kodi mkuyu wa m'tauni ulipobe, kodi chigayo cha ku Kamushanga mota yake ikuyendabe, kodi amayi tinawaika mbali iti ya manda. Ndinakhala masiku anayi ndisanaiyambe nkhani ija.

Tsiku lobwerera, m'mawa, ndinakhala nawo pamphasa. Ndinati, “Atate, pali nkhani ya pepala lija.”

“Usavutike nayo, mwana wanga,” anandidula. “Iwe unachita mbali yako. Unathamanga padzuwa lija, unafika nalo. Nkhani imeneyo ndinaipereka kwa Mulungu, ndipo ndimamukumbutsa m'mawa uliwonse. Sendera kuno tipemphere, basi ingakusiye.”

Anatenga manja anga awiri nkuwafumbata m'dzanja lawo lamoyo lija. Anatseka maso. Anapempherera ulendo wanga, anathokoza kuti andionanso, kenako mawu anayamba kukwera. “Ndipo manja amene anathyola pepala langa, Ambuye, musawaiwale. Anandichotsa pa mkazi wanga, sindinamuike m'manda. Anandichotsa pa mwana wanga. Anandiponya kuno kudzafa ngati galu wopanda mwini. Aume manja amenewo. Aole akadali pathupi. Mwini wake asadzapeze mtendere tsiku ndi limodzi lomwe.” Anandifinya zala. “Vomera, mwana wanga.”

Ndinati ameni.

Anandiperekeza mpaka pamsewu, nkuima pomwepo basi ikunyamuka. Anamwalira mvula yotsatira, ndipo uthenga unandipeza atawaika kale. Ine tsopano ndakalamba kuposa mmene iwo analili, ndipo manja anga ali bwinobwino, ndimalowetsa ulusi m'singano popanda wondithandiza. Za mtenderezo, Mulungu anawamvera.